Celeste Ndi Wodwala

Pa msika wa Milonde mukafunsa kwa Mayi Arminda, ngakhale woledzera akulozerani osasochera. Ndi nyumba yaitali ya njerwa zootcha, kuseri kwa chigayo, ndipo pa chingwe chake cha panja sipasowa masiketi a yunifolomu. Anthu amangoti kwa ana a kutsidya, popeza atsikana ogona m'menemo kwawo ndi ku Mozambiki, tsidya lija la Ruo, koma sukulu amaphunzira kuno. Kwawoko sekondale ili kutali, mpaka ku tauni ya Milange, ndiponso makolo ena amafuna ana awo adziwe Chingerezi. Ndiye amawaolotsa mtsinje ndi thumba la makaka ndi nandolo, n'kudzawatula m'manja mwa mayi ameneyu, iwo ulendo kubwerera, mtima uli m'malo. Mtima umene sunkakhala m'malo unali wa a Arminda.

Nawonso ndi a kutsidya komweko. Anabwera nthawi ya nkhondo, mwana kumsana, kamtolo pamutu, mwamuna wawo atatsala m'tchire kumene mpaka lero palibe angaloze kuti manda ake ndi awa. Anakhalako ku msasa wa othawa nkhondo, kenaka analowa ntchito yothyola tiyi ku esiteti, ndipo dengu linawakhala kumsana zaka zambirimbiri mpaka mawondo anakana. Mtendere utabwera, anzawo akukwera malole kubwerera kwawo akuimba, iwo anangoima pamsewu n'kumaonerera. Ankati, "Ndikapezako ndani? Mtsinje umenewo ndinaoloka kamodzi, zakwana." Ndipo sanaolokenso ndithu, ngakhale pa maliro a abale. Mwana wawo Jailos atakula anapita ku Joni, kumene anakasanduka munthu wa mawu ochepa. Nyumba ija njerwa zake anaumba okha, akuganiza zodzachititsa lendi kwa anthu a pa msika, koma woyamba kugogoda anali mkazi wina wa kwawo, ali ndi mtsikana amene anasankhidwa kupita Fomu 1 koma analibe kogona. Atalola mmodziyo, mbiri inaoloka mtsinje yokha.

Ntchito yolera ana a eni, ana oti atha msinkhu, musaifunire mnzanu. Atsikana ankadziphikira okha ndi kuchapa okha, koma zina zonse zinali pa a Arminda. Anyamata a kabaza amene njinga zawo zinkangophwa mpweya zikafika pa chigayo, wowathamangitsa anali iwo. Mphunzitsi wina amene ankakonda kutuma ana aakazi kukamutungira madzi kunyumba, anakamukhalira pa khonde tsiku lathunthu, osanena kanthu, kungomuyang'ana, mpaka munthu wamkulu anayamba kudzitungira yekha. Kusukulu akaitana makolo ankapita iwo, mayi mmodzi wa ana a maina a bambo osiyanasiyana, ndipo aphunzitsi ankawaseka kuti, "Kodi amayi, munakwatiwa kangati?" Kuwerenga sankatha, koma mwana akabwera ndi sopo wonunkhira woti sanachoke naye kwawo, ankamumva fungo ali panja.

Ankadziwa chinthu chimodzi chimene makolo aja sankachiganizira, chakuti mwana wa kutsidya akalakwiridwa kuno alibe kolira. Mnzake wa pa Milonde akamenyedwa kapena kuvutitsidwa m'njira, madzulo omwewo amalume ake amakhala atafika. Wa kutsidya amangomeza, chifukwa amaopa kuti akadandaula amuuza kuti bwerera kwanu. Ambiri ankabwera Chichewa chawo chitalemera ndi Chilomwe, ndipo m'kalasi akayankha funso anzawo ankawayeserera kalankhulidwe mpaka mwana kusiya kukweza dzanja. Oterewa a Arminda ankawaona msanga. Ankawakhazika pa khonde, kuwapatsa chinangwa chootcha, n'kuwakalipira mu Chilomwe mpaka aseke, popeza kutonthoza kwa mayiyu kunali komweko, kukalipa.

Komabe maso ndi awiri okha. Pa zaka zonsezo atsikana awiri anatenga mimba ali pakhomopo, ndipo maulendo onse awiri makolo anabwera kudzatukwana a Arminda, mwamuna wochimwitsa mwanayo osamufunsa n'komwe. Chaka chilichonse sukulu ikamatsekera ankalumbira kuti ano ndi ana otsiriza, atopa, akufuna azigona ngati munthu. Januwale akafika ankatsegulanso zitseko akung'ung'udza.

Chaka chimene tikunenachi, mafoni asanafike m'manja mwa aliyense, wamkulu pa atsikanawo anali Celeste, wa Fomu 4. Anali wamtali, wosalankhulalankhula, wa liuma lachetechete lija loti ukamamulangiza amakuyang'ana bwinobwino kenaka n'kukachita zimene anaganiza kale. Mutu wake unali wabwino. Chipwitikizi ndi Chingerezi zonse zinali pakamwa, ndipo ankanena kuti akakhoza mayeso adzagwira ntchito pa chipata cha Muloza, azidzamasulira madalaivala a malole amene amangokalipirana ndi akuluakulu osamvana. Bambo ake anamwalira kalekale. Mayi ake, a Luiza, anali munthu wofatsa mopyola muyeso, ndipo mawu onse pa mwanayu anali kwa amalume ake, a Dominiko, amene sukulu ya ku Malawi anailola monyinyirika. Kumudziko kunali wogula chimanga wina dzina lake Arsenio, amene anafunsira kale mbeta, ndipo a Dominiko anamuuza kuti adikire. Kwa Celeste anati, "Maliza Fomu yakoyo. Koma ukangolakwa kamodzi ubwerera, ndipo sukulu idzathera pomwepo." Mayeso anali mu Okutobala.

Mu Malichi, mvula ili pakati, malungo anamugwetsa Celeste. Thupi linatentha, ndipo chilichonse chimene walawa ankasanza. A Arminda anamutengera ku chipatala, kumene anamupatsa kwinini, n'kubwerera naye kukamumwetsa phala ndi supuni. Tsono iwo anali ndi lamulo lawo loti mwana wa mwini akagona pansi, eni ake ayenera kumva, kuopa kudzafunsidwa zinthu zitaipa kale. Anaimitsa Americo, wa kabaza amene ankaolotsa matumba a chimanga tsiku ndi tsiku, munthu wabwinobwino, kungoti wachangu.

"Americo, ukafike kwa a Luiza. Ukawauze kuti Celeste akudwala, akusanza kwambiri, koma asadandaule, ndikumusamala ine."

"Ndamva, amayi."

Anamva ndithu, koma kwa a Luiza sanafike. Ataoloka anapeza katundu akumudikira pa doko, ndiye uthenga anausiya kwa mayi wogulitsa zitumbuwa, amene anausiya kwa mkazi wina wopita kumudziko, amene anayamba wadutsa nawo pa chitsime. Pofika pa khomo la a Luiza uthenga unali utanenepa. Unati Celeste ndi wodwala, akusanza m'mawa uliwonse, koma Arminda akuti musadandaule, akonza yekha. Pa onsewo palibe amene ananama mwadala. Koma aliyense wa kuno akudziwa kuti pakati pa "akudwala" ndi "ndi wodwala" pali mwana wathunthu, chifukwa mkazi woyembekezera sitimutchula mimba yake poyera, timangoti ndi wodwala.

A Dominiko anatulukira masana ena, a Arminda ali pa khonde akusankha nandolo m'lichero. Anali ndi matope mpaka m'mawondo. Mpando analandira, koma chipewa sanavule, ndipo moni anayankha mwachidule.

"Ndamva kuti mwana wanga ndi wodwala," anatero.

"Eya, koma tsopano bola, wayamba kudya," anayankha a Arminda. "Mwachita bwino kubwera, akondwa."

"Akondwa! Zinayamba liti?"

"Mvula yaikulu ija itangoyamba. Nyengo ino ndi mmene zimakhalira pano, chaka chatha anali awiri nthawi imodzi."

A Dominiko anatong'ola maso. "Awiri! Ndipo mukunena nokha osachita manyazi? Chabwino, mwini wake ndani?"

"Mwini wa chiyani?"

"Amene wachita zimenezi, mayi. Mukumudziwa kapena ayi?"

"Ndilekerenji kumudziwa? Udzudzu! Uli mbwee kuseri kwa chigayoku, ukamabwera madzulo umachita kuimba."

Bamboyo anaimirira, mpando n'kugwa chagada. "Ine ndaoloka mtsinje wodzaza kuti mudzandiseke? Mwana wa mlongo wanga ali ndi pakati, inu mukuti udzudzu?"

Lichero linawapulumuka a Arminda, nandolo n'kumwazika pabwalo ponse. Akanakhala wina akanaseka, ndipo anthu a pa msika nkhaniyi amaisimba akuseka mpaka lero, koma iwo sanaseke. Anangomva kutopa kukuwakwera kuchokera kumapazi, chifukwa anadziwa pomwepo kuti ngati amalume afika kuno ndi mawu amenewa, kumene achokera mawuwo ali kale m'nyumba iliyonse.

Anafotokoza. Anaitana Celeste, amene anatuluka atagwira khoma, wowonda, milomo itauma, ndipo atamva chimene amalume ake abwerera anangokhala pansi osalira. A Dominiko sanakhulupirire, popeza m'maso mwawo kuonda ndi kusanza kunali umboni womwewo. Ndiye onse atatu anauyamba wa ku chipatala, a Arminda akutsimphina patsogolo. Namwino anamuyeza mtsikanayo, n'kutuluka kudzawauza amalumewo pamaso kuti mimba palibe, ndi malungo, ndipo ngati akufuna kuthandiza akamugulire neti.

Pobwerera a Dominiko anavula chipewa. Sanali munthu woipa, anali munthu woopa mudzi, ndipo pa ziwirizi sindidziwa chimene chimapweteka mwana kwambiri. Anakhala pa khonde paja nthawi yaitali akutembenuza chipewa m'manja.

"Mayi, ndalakwa, pepani," anatero. "Koma mwanayu ndipita nayebe."

"Mupita naye chifukwa chiyani? Simunamve namwino?"

"Ndamva ine. Mudzi sunamve. Kwathu nkhaniyi yafika paliponse, ku tchalitchi, ku chitsime, mlongo wanga sakudya n'komwe. Arsenio wanena pamaso pa akuluakulu kuti amutenga ndi mimba yomwe, ndipo onse akumuyamikira kuti ndi munthu wa mtima. Ndikabwerera ndekha n'kukati mimba palibe, mukuganiza akati chiyani? Uthenga unati inu mukonza nokha. Akati mwachotsa. Akakhala kuno miyezi n'kumapita, mimba osaoneka, adzati Arminda amachotsa mimba za ana, ndipo makolo a enawa adzabwera kudzatenga awo. Njira ndi imodzi basi, apite kwawo azikamuona ndi maso mpaka miyezi ikwane."

"Miyezi ikamakwana mayeso adzakhala atapita."

"Adzalemba chaka china."

Chaka china! A Arminda anali atachimvapo chaka china chimenechi. Mtsikana akaoloka ndi chikwama chake pakati pa temu, ku khomo kuli mwamuna wodikira amene mudzi wonse ukumuombera m'manja, ameneyo sabweranso. Anayang'ana Celeste. Mwanayo maso ake anali pa nandolo zomwazika zija, ndipo liuma lake lija tsiku limenelo silinkaoneka.

Kunena zoona, mbali ina ya mtima wawo inkati mlekeni apite. Si mwana wanu. Mwamulera kuyambira Fomu 1, mwamudwazika, mawondo akukuphani, mukufunanso chiyani? Analakalaka atangolowa m'nyumba, kutseka chitseko n'kugona mpaka mvula itatha. Koma zinawawawa, ndipo zinawakwiyitsa koopsa, kuti mwana amene sanalakwe kanthu ataye sukulu chifukwa cha udzudzu ndi mayi wa zitumbuwa.

"Akufuna kuona mimba?" anatero potsiriza. "Aiona. Ndiziwabweretsera Lamulungu lililonse ku tchalitchi kwanuko, azionera ulere. Lolemba mwana azikhala m'kalasi."

"Mtsikana yekha pa mtsinje, sabata ndi sabata? Ndiye adzanenanso zina."

"Ndati ndiziwabweretsera. Ndizibwera naye ine."

A Dominiko ankadziwa, monga ankadziwira aliyense wa kwawoko, kuti mayiyu anakana kuoloka ngakhale pa maliro a achemwali awo. Anawayang'ana kanthawi, kenaka anavala chipewa n'kungoti, "Tiona."

M'mawa mwake a Arminda anamugwira Americo pa msika, akumanga thumba pa njinga, ndipo anamutsuka pamaso pa anthu. Iye anangokanda mutu n'kuti, "Koma amayi, uthenga si unafika?" A Arminda anamusiya pomwepo, popeza munthu wotere ukapitiriza kumukalipira umangodzionjezera matenda.

Celeste atangopeza mphamvu, ulendo unayambika. Lamulungu kukangocha, a Arminda ankasiya atsikana enawo m'manja mwa Lizzie, mkazi wa mwini chigayo, n'kutsika ndi Celeste kupita ku doko. Tsiku loyamba kulowa m'bwato a Arminda anagwira m'mbali ndi manja onse awiri, maso atatseka, ndipo wopalasa anaganiza kuti akuopa madzi. Kutsidya njira inkadutsa pamene kale panali mudzi wawo. Anapeza pali munda wa nandolo wa munthu wina, ndi mtengo wa mango umodzi umene anauzindikira. Sanaime, ndipo sanamuuze Celeste kuti apa ndiye panali kwawo.

Mavalidwe anali lamulo. Chitenje ayi, juzi ayi, ngakhale kuzizire bwanji. Celeste ankavala siketi ya yunifolomu, bulauzi wopisira mkati, ndi lamba womanga mpaka bowo lotsiriza. Ankalowa m'tchalitchi anthu atakhala kale, kudutsa pakati pang'onopang'ono n'kukakhala benchi ya kutsogolo, ndipo nthawi ya chopereka a Arminda ankamutuma iyeyo, kuti adzukenso anthu amuone cha m'mbali. Sindikhulupirira kuti m'miyezi imeneyo alipo mkazi anamva ulaliki m'tchalitchimo. Maso onse ankakhala pa lamba. Potuluka, amayi oti kale sankamupatsa n'komwe moni ankabwera kudzamukumbatira, akumufinya pang'ono, dzanja likutsetsereka cha pamimba ngati mwangozi. Arsenio naye ankaima pa khomo la tchalitchi atavala jekete, n'kupereka moni waulemu kwambiri.

Tsiku loyamba lija a Luiza anawakokera a Arminda kuseri kwa tchalitchi, akupotokola nsonga ya kapulana, chitenje cha kwawoko, chimene anavala.

"Achemwali, tili awiri pano. Ndiuzeni zoona, ndine mayi wake."

"Zoona ndi zimene mukuzionazo. Anadwala malungo."

"Eya, malungo," anatero a Luiza, akugwedeza mutu mofatsa. "Mwachita bwino, achemwali. Tizingonena choncho."

A Arminda anawayang'ana mayiwo, analakalaka kuwagwedeza mapewa mpaka mano agundane, koma anadziletsa. Anadzilimbitsa mtima kuti pakamwa palephera, koma miyezi ikapita aliyense adzaona yekha.

Tsiku lina mu Juni, chiperoni chikuwomba, ali pa ulendo wobwerera, Celeste anaima pakati pa njira milomo ikunjenjemera ndi kuzizira. Anamasula lamba uja n'kumuponya m'tchire.

"Ine ndatopa, amayi. Kodi ndine mbuzi ya pa msika, yoti aliyense azindigwiragwira kuona ngati ndanenepa?"

"Eya, ndiwe mbuzi," anatero a Arminda. "Ukhala mbuzi mpaka Okutobala. Ngati ukufuna kukhala munthu lero, pita kwa Arsenio, akakupatsa mpando ndi sikelo uzikayeza chimanga. Katole lambayo."

"Inu sizikukupwetekani."

A Arminda anakhala pa chulu n'kukweza chitenje kuonetsa mawondo. Anali atatupa ngati mapapaya. Celeste anayang'ana, kenaka analowa m'tchire kukafuna lamba, ndipo anakhalitsa m'menemo, ngakhale lambayo sanagwere patali. Kuyambira tsikulo ankanyamula buku n'kumawerenga m'bwato, ndipo pokwera mtunda ankawagwira a Arminda pa mkono.

Miyezi inapita, mtsinje unaphwa mpaka ena kumaoloka ndi miyendo, lamba anakhalabe pa bowo lomwelo. Arsenio anasiya kuvala jekete, kenaka anasiya kubwera, ndipo mu Ogasiti kunamveka kuti wafunsira kwina. Zokumbatira zija zinachepa. A Dominiko anayamba kuwaperekeza mpaka pa doko atanyamula nzimbe, akufunsa kuti kodi mayesowo ndi ovuta, nanga zolembera zilipo. Palibe kholo limene linabwera kudzatenga mwana wake ku Milonde. A Arminda ankafika kunyumba dzuwa litapendeka n'kugwera pa mkeka, Lolemba lonse osatha kuponda pansi, koma mumtima ankati tawina. Maso a anthu aona okha, tsopano anenanso chiyani?

Lamulungu lotsiriza, mayeso akuyamba mawa lake, amayi a bungwe la m'tchalitchimo sanabalalike mapemphero atatha. Anasonkhana pamthunzi panja, n'kutuma mmodzi kudzaitana a Arminda ndi Celeste. Anawayalira mkeka. Pambali panali lichero la ufa ndi nkhuku yaikazi yomangidwa miyendo. A Arminda anaganiza kuti ndi kamba wa mayeso, mwinanso kupepesa kwa miseche ija, ndipo mtima wawo unafewa, anatsala pang'ono kuwakhululukira onse.

Wamkulu wa bungwelo, mayi wa imvi ndi mawu okoma, anagwada n'kugwira dzanja la Celeste ndi manja awiri.

"Mwanawe, ife miyezi yonseyi tinangokhala chete, kuopa kukukumbutsa. Koma taona kuti tisakusiye upite ku mayeso mtima uli wolemera. Pepa. Tinaona ndithu kuti unapita padera. Zimachitika, ambiri tili panofe zinatichitikira. Ukadali mwana, Mulungu adzakupatsa wina." Kenaka anatembenukira kwa a Arminda. "Ndipo inu amayi, Mulungu akudalitseni. Ena akanamubisa, koma inu mwakhala mukubwera naye ku mapemphero sabata ndi sabata, ndi miyendo yodwalayo, kuti mtima wake upole. Tinakuganizirani zoipa, tikhululukireni."

Amayi onse anavomereza, "Pepa, pepa," ena akupukuta misozi yeniyeni. A Luiza anali pomwepo, cha kumbuyo, mutu uli pansi, ndipo sanatsutse.

A Arminda anamva magazi akuwira m'makutu. Miyezi yonseyo, bwato, matope, kuzizira, mawondo! Anayamba kudzuka, mawu ali kale pakamwa, Chilomwe ndi Chichewa zitasakanikirana, mawu oti akanatuluka tchalitchicho chikanafunika kuchidalitsanso. Koma dzanja la Celeste linawagwira pa mkono n'kuwakhazika pansi, mwamphamvu ndithu.

"Zikomo, amayi," anatero mtsikanayo kwa wamkulu uja, ataweramitsa mutu monga achitira namfedwa. "Zikomo nonse. Tsopano mutilole, kwathu n'kutali."

Anasenza lichero la ufa, a Arminda n'kukwapatira nkhuku, popeza panalibenso china chochita nayo. Anayenda mpaka mudzi unabisika.

"Wandiletseranji?" anafunsa a Arminda. "Wavomera bodza pamaso pa anthu. Walandira chipepeso cha mwana woti kunalibe."

"Mukanawauza chiyani choposa chimene aona ndi maso awo?" anatero Celeste. "Mukanakalipa, amalume akanaitana akuluakulu mawa, ine n'kukhala pa mlandu anzanga akulemba. Asiyeni alire. Tiyeni tifulumire, mawa ndi Chingerezi. Nkhukuyo tikaphe, anzanga adyeko."

A Arminda anamuyang'ana mwanayo, ndipo anaona kuti nkhope yake yakhwima m'miyezi yochepayi, yakhala ya munthu wamkulu amene sayembekezeranso chilungamo kwa anthu. Zimenezo zinawamvetsa chisoni kuposa mawu onse a amayi aja. Anasinthira nkhuku ku khwapa lina n'kumutsatira akutsimphina.

Mayeso Celeste analemba onse, kuyambira pepala loyamba mpaka lotsiriza. Kutsidyako mpaka lero akamamutchula amati Celeste wa a Luiza, uja anataya mwana ali pa sukulu ku Malawi, ndipo amanena motsitsa mawu, mwachisoni chenicheni, popeza ndi anthu a mtima wabwino.